Kufikitsa nyambo kuseri kwa mafunde popanda bwato

Kunyanja ya Malawi nsomba ikatalikira, msodzi amakankha bwato n'kuilondola. Munthu amene waima pamchenga wa nyanja yamchere ku Durban kapena ku Muizenberg ku South Africa, kapena ku Tofo ku Mozambique, alibe mwayi umenewo. Pakati pa iye ndi madzi akuya pamakhala mizere iwiri kapena itatu ya mafunde osweka, ndipo chokhacho chimene angadalire ndi mphamvu ya mkono. Wowedza wozolowera, ali ndi ndodo ya mamita 4.2, mtovu wa magalamu 150 ndi kanyambo kochepa, amafikitsa mamita 80 mpaka 120. Mukam'patsa mutu wa nsomba ya bonito wolemera theka la kilogalamu, sapitirira mamita 50, chifukwa nyambo yaikulu imagwira mphepo, imazungulira m'mwamba n'kubweza mtovu m'mbuyo. Komatu nsomba zikuluzikulu zimafuna nyambo yaikuluyo, ndipo nthawi zambiri zimayenda kuseri kwa chitunda cha mchenga pamene mafunde amayambira kusweka.

Njira zonse zachilendo zimene owedza a pagombe apeza zimayankha vuto limeneli: nyambo ipite yokha, kapena inyamulidwe ndi china chake, m'malo moiponya ndi dzanja. Ndipo pafupifupi iliyonse ili ndi kachigawo kamodzi kamene amakapanga kofooka mwadala, koti kaduke kapena kamasuke nthawi yake ikakwana. Zikalakwika, kawirikawiri zimalakwikira pomwepo.

Tisanapite patali, si tsiku lililonse limene mtunda umafunika. Madzi akaphwa, yendani pagombe muone pamene pali ngalande, malo akuda bii amene mafunde amadutsapo osasweka, ndi pamene ngalandeyo imatulukira kunyanja. Madzi akamadzazanso, nsomba ngati kob ndi shad zimalowera momwemo, mamita 30 kuchokera pamapazi anu. Ambiri amaponya modumpha nsomba. Madziwa amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri patsiku, ndipo amasintha kwambiri mwezi ukangooneka kumene ndi ukakhala wathunthu. Ku South Africa kusiyanako ndi pafupifupi mamita 2, koma ku Beira kumapitirira mamita 6, choncho pamene munaima m'mawa pouma pakhoza kukhala pakuya masana.

Kumangirira nyambo ku mtovu

Njira yosavuta kwambiri imasiya kuponya kuli momwemo, imangokonza kaulukidwe ka nyambo. Ku South Africa amagwiritsa ntchito chimene amachitcha dingle dangle: kachingwe kolimba kapena kawaya ka masentimita 6 mpaka 12, kokutidwa ndi fomu yoyandama, kokhala ndi kamphete kumapeto onse awiri. Mphete yam'mwamba imakolekedwa pa mbedza, nyambo imamangidwa mozungulira fomuyo ndi ulusi wotamuka, ndipo mphete yam'munsi imakolekedwa pa kangowe kamene kali pa mtovu. Zikatero nyambo ndi mtovu zimauluka ngati chinthu chimodzi. Mtovu ukamenya madzi, chingwe chimakhwepa ndipo mphete imavuka yokha.

Muyeso wa zingwe ndi umene umapangitsa kuti zigwire ntchito. Chingwe cha mtovu chiyenera kutalika pang'ono kuposa cha mbedza ndi dingle pamodzi, kuti poponya kulemera konse kugwere pa chingwe cha mbedza ndipo mphete isavuke msanga. Chikafupika, nyambo imamasuka ili m'mwamba. Kangoweko kakapindika kwambiri, mphete simavuka konse, nyambo imakhala yomatirira pa mtovu pansi pa mchenga, inu n'kumadikira ola lathunthu osadziwa kanthu.

Poponya mwamphamvu chonchi pamafunikanso chingwe chokhuthala chakutsogolo. Owedza a ku Britain amawerengera makilogalamu 4.5 a mphamvu ya chingwe pa magalamu 28 alionse a mtovu, kutanthauza kuti mtovu wa magalamu 170 umafuna chingwe chopirira makilogalamu 27. Chiyambire pa mtovu, chidutse ndodo yonse, chizungulire pa reel, chokulungira chingwe cha pa ndodo, maulendo 5 kapena 6. Mtovu woduka poponya ukhoza kupha munthu amene waima chapatali pagombe lomwelo.

Kutsetsereza nyambo pa chingwe

Iyi ndi njira imene ikuyenera kufotokozedwa mofatsa, chifukwa ndi yotsika mtengo, siifuna batire kapena mphepo, ndipo ili ndi misampha yambiri. Ku Hawaii amaigwiritsa ntchito pa matanthwe ataliatali powedza ulua, nsomba imene ku South Africa amaitcha giant kingfish. Kumeneko nyambo imatsika yokha chifukwa wowedza ali pamwamba. Pagombe lamchenga palibe chitsetse, mafunde amabweza nyambo kumtunda, ndiye owedza a ku South Africa amagwiritsa ntchito kachitsulo kotchedwa non-return slide, waya wosachita dzimbiri wopindidwa ngati sipuling'i, wokhala ndi kamkono. Chingwe chikamadutsa mbali imodzi kachitsuloko kamatsetsereka, koma funde likakakankhira kumbuyo kamapendekeka n'kuluma chingwe. Ganizirani hang'ala ya malaya yokolekedwa pa chingwe choyanikira zovala, imene mukuigwedeza kuti ipite kutsidya koma singabwerere kwa inu.

Kamangidwe kake ndi aka. Chingwe chachikulu chikhale cha nayiloni, mamilimita 0.50 mpaka 0.60, ndipo pa reel pakhale mamita osachepera 300, ndi chingwe cholukidwa cha braid pansi pake ngati chosungira. Kumapeto kwa nayiloniyo mumange mphete yachitsulo yaikulu moti slide singadutse. Kuchokera pa mpheteyo, chingwe cha mtovu cha pafupifupi mita imodzi, chofooka kuposa chingwe chachikulu. Mtovu wake ndi wa zala zawaya zokumba mumchenga, magalamu 200 mpaka 250. Nyambo imakhala payokha: slide, kenako chingwe cha mita imodzi kapena imodzi ndi theka, cha waya ngati kuli shaki kapena nayiloni ya milimita imodzi ngati mukufuna kob kapena garrick, n'kumalizira ndi mbedza yozungulira ya saizi 8/0 mpaka 10/0.

Mumayamba ndi kuponya mtovu wokha. Popeza ulibe nyambo, umapita kutali kuposa masiku onse. Musathamangire kukunga chingwe. Upatseni mphindi ziwiri kapena zitatu kuti mafunde aukwirire, kenako kokani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti wagwira zolimba. Mukatero tsitsani nsonga ya ndodo, lowetsani chingwe mu slide, yesani ndi dzanja kuti ikutsetserekera kunyanja osati kwa inu, lowani m'madzi mpaka m'mawondo, dikirani funde libwerere, ndiye muimasule. Kwezani ndodo, chingwe chili chokungika, muziigwedeza mofanana, kutsogolo ndi kumbuyo, kwa mphindi 5 kapena 10. Nyambo yamoyo, monga nsomba ya mullet, imathandiza yokha chifukwa imasambira kuthawa mafunde. Nyambo yakufa iduleni zipsepse ndi mchira, muimange mowongoka kuti isazungulire.

Cholakwika choyamba ndi chochititsa manyazi: kuika slide chobwerera. Nyambo imangovinavina pamapazi panu. Chachiwiri ndi mfundo. Mfundo iliyonse pakati pa ndodo ndi mphete ikhoza kuimitsa slide, choncho amene amalumikiza chingwe chakutsogolo amamanga mfundo yopyapyala kwambiri, ena sachiika n'komwe, amangosankha chingwe chachikulu chokhuthala. Chachitatu ndi ndere ndi zinyalala zokakamira pa chingwe. Tsiku limene madzi ali ndi ndere, njirayi iiwaleni. Chachinayi ndi madzi othamangira m'mbali, amene amapinda chingwe ngati uta mpaka mtovu kuzuka n'kumakokoloka. Mankhwala ake ndi kuponyera chakumene madziwo akuchokera, kuwonjezera mtovu, kapena kusankha zala zawaya zokhuthala.

Choopsa kwambiri pa zonse ndi kupsa kwa chingwe. Nsomba ikadya nyambo slide isanafike pa mphete, ndipo inu mukakoka mwamphamvu nthawi yomweyo, slide imathamanga pa nayiloni yokungika ili yoluma, kutentha kumasungunula chingwe, chimaduka ngati chadulidwa ndi lumo. Choyenera kuchita n'chovuta pamtima koma chosavuta pamanja: tsitsani ndodo, kulungani chingwe msangamsanga mosakakamiza mpaka mtovu uzuke ndipo mphete ikafike pa slide. Mukamva kulemera kwenikweni kwa nsomba, pamenepo ndiye mulimbe nayo. Mbedza yozungulira imadzikola yokha pakona pa kamwa, siifuna kukokedwa modzidzimutsa. Ichi ndi chifukwa chakenso braid siiyenera kukhala pamene slide ikudutsa: imaduka msanga ikakhudzana ndi chitsulo ili yokungika.

Nanga chingwe cha mtovu chofooka chija? Nsomba ikamathawa imakoka mtovu wa zala zawaya pansi pa nyanja. Ukakola pamwala, chiduke ndi chingwe chake chokha, nsomba itsale pa chingwe chachikulu. Koma chikafooka mopitirira chimaduka poponya pomwe. Pamchenga, kusiyana pang'ono kokha n'kokwanira, mwachitsanzo mamilimita 0.50 pa chingwe chachikulu cha mamilimita 0.58. Pamatanthwe ena amachifooketsa kwambiri, n'kukoleka mtovu pa kangowe kamene kamanyamula mphamvu ya kuponya n'kumasuka ukagwa m'madzi.

Mphepo ikakhala kumsana

Mphepo yochokera kumtunda kupita kunyanja ndi wantchito waulere. Imaomba kwambiri usiku ndi m'mamawa, pamene nthaka yazizira kuposa madzi, ndipo dzuwa likakwera imatembenuka.

Baluni wamba, wopopedwa ndi pakamwa kufika kukula ngati mpira wamiyendo, amayandama n'kukoka nyambo yamoyo imene ikulendewera mamita 2 kapena 3 pansi pake. Amamangidwa pa chingwe ndi ulusi wosokera, woti uduke nsomba ikakoka. Mukam'popa kwambiri amaphulika padzuwa, ndiponso amakoka nyambo mothamanga mpaka kuipha. Ku Western Australia, pa matanthwe a Steep Point ndi Quobba, amadzaza mabaluni aakulu ndi mpweya wa helium kuti aziuluka, nyambo izingodumphadumpha pamwamba pa madzi, ndipo amagwira nayo nsomba ya Spanish mackerel. Ku South Point, pachilumba chachikulu cha Hawaii, amapopa thumba lakuda lotayiramo zinyalala n'kulisandutsa tanga. Vuto la zonsezi ndi limodzi, ndipo si laling'ono: baluni womasuka amakathera m'mimba mwa akamba a m'nyanja ndi mbalame. N'kwabwino kum'manga pa kamphete koyenda pa chingwe kuti abwerere nanu, ngakhale kuti amalemeretsa pang'ono polimbana ndi nsomba.

Kaiti imapita kutali kuposa baluni ndipo imanyamula chingwe pamwamba pa mafunde. Ndi luso lakale kwambiri. Ku Solomon Islands asodzi ankapanga kaiti ya masamba, kumchira kwake n'kumangako ulusi wa kangaude wopotedwa, wopanda mbedza, ndipo mano a nsomba ya needlefish ankakodwa mu ulusiwo. Masiku ano ku New Zealand kaiti imakhala ndi chingwe chakechake, ndipo pansi pake pamalendewera botolo lapulasitiki lothiramo madzi. Botololo ndi limene limasunga chingwe cha mbedza kuti chisanyamuke m'mwamba. Mphepo ikakula mumawonjezera madzi, ikachepa mumapungula. Mukafupikitsa mbali imodzi ya tizingwe tomangira kaiti, imapendekeka n'kuyenda chopingasa, choncho ngakhale mphepo isalunjike bwino kunyanja mukhoza kuiwongolera. Ikaleka mwadzidzidzi, kaiti imagwa m'madzi, ndipo kukoka nsalu yonyowa mtunda wa kilomita si masewera. Chizindikiro chimakhalapo: kaiti imayamba kutsikatsika n'kukweranso. Yambani kukulunga pomwepo.

Kontiki ya ku New Zealand

Pa magombe ataliatali ngati Muriwai ndi Ninety Mile Beach, anthu amatumiza chingwe cha mbedza zambiri, chofanana ndi chimene asodzi a kampango ndi bombe amatchera, koma popanda bwato. Chida chokoka chingwecho chimatchedwa kontiki, dzina limene linachokera ku chombo chamitengo cha Thor Heyerdahl chimene chinawoloka Pacific mu 1947. Zoyambirira zinali timabwato tamatabwa ta tanga, ndipo mlongoti wake unkagwidwa ndi chingwe chodutsa pa switi wouma. Switiyo akasungunuka m'madzi, tanga inkagwa, kabwatoko n'kuima. Nthawi ya ulendo inkayezedwa ndi kukula kwa switi.

Zamakono ndi chitsulo kapena pulasitiki chooneka ngati bomba la m'madzi, chokhala ndi mota ndi mabatire a 12V, wotchi yozimitsa mota pakatha mphindi zimene mwaika, ndipo zina zili ndi kampasi kapena GPS yowongolera njira. Chimakoka nayiloni yokhuthala kufika makilomita 1.5 kapena 2. Mbedza zimakhala zokonzeratu pa thabwa, iliyonse ndi kachingwe kake ndi chopanira, ndipo munthu amazikoleka imodziimodzi chingwe chikuthamanga, pakati pa timfundo toletsa kuti zisaunjikane. Apa ndi pamene anthu amavulala, mbedza kukola dzanja kapena malaya chingwe chikupita, n'chifukwa chake pamafunika anthu awiri ndi mpeni pafupi. Nyambo yake ndi yothira mchere kuti ilimbe. Lamulo la kumeneko limalola mbedza zosapitirira 25 pa chingwe, chingwe chimodzi pa munthu. Pobweza amagwiritsa ntchito winchi yamagetsi, ndipo winchi simamva kuti chingwe chakola: imangokoka mpaka china chake chiduke.

Droni ndi lamulo

Droni, kandege koyendetsedwa ndi rimoti, imanyamula nyambo ya theka la kilogalamu kapena kupitirira, kukaiponya mamita 300 kapena 500, pamalo enieni amene kamera yaonetsa. Chingwe chimakolekedwa pa chopanira chomasuka chokha chikakokedwa kupitirira mlingo. Chopaniracho chikalimbitsidwa kwambiri, ndipo chingwe chikapiringizika pa reel, droni imakokedwera m'madzi. Nyambo ikalendewera pafupi kwambiri imayamba kupendapenda n'kusokoneza kaulukidwe ka droni.

Koma kwa amene ali ku South Africa, nkhani yaikulu ndi yakuti njirayi ndi yoletsedwa. Mu February 2022 unduna woona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe unalengeza kuti madroni, timabwato toyendetsedwa ndi rimoti ndi zida zina zamota siziloledwa powedza. Makampani opanga ndi kugulitsa zidazi, motsogozedwa ndi Gannet Works, anakasuma, analephera ku High Court, ndipo mu July 2024 Supreme Court of Appeal inakananso apilo yawo. Mfundo yake inali m'malamulo a pansi pa Marine Living Resources Act ya 1998, amene amati kuwedza kosangalala ndi kugwiritsa ntchito ndodo, reel ndi chingwe ndi manja, kapena zingwe za mbedza zosapitirira 10. Kontiki yamota ya mbedza 25 ikulephera pa zonse ziwiri.

Chiletsochi chili ndi nzeru yake. Kuseri kwa mafunde ndi kumene kob zikuluzikulu zoswana ndi shaki zinkapumirako owedza a pagombe. Mtundu wa kob wotchedwa dusky kob umayamba kuswana ukafika pafupifupi mita imodzi, patatha zaka 5 kapena 6, ndipo unachepa kale kwambiri moti mu 2000 boma linalengeza kuti nsomba zowedzedwa ndi mbedza zili pangozi. Ndiponso nsomba yokokedwa mtunda wa theka la kilomita imafika itatheratu, ngakhale muibwezere m'madzi siichedwa kufa.

Malamulo ena ofunika kuwadziwa kumeneko: chiphaso cha kuwedza chimafunika kwa aliyense, nsomba yogwidwa ndi chiphaso chimenechi siigulitsidwa, shad iyenera kufika masentimita 30, zosapitirira 4 patsiku, ndipo siigwidwa kuyambira 1 October mpaka 30 November. Shad imene mwaisandutsa nyambo yamoyo imawerengedwa pa zinayizo. Kob yogwidwa pagombe kum'mawa kwa Cape Agulhas, nsonga yakumwera kwenikweni kwa Africa, ndi imodzi patsiku, yosachepera masentimita 60. Shaki ya great white ndi yotetezedwa kuyambira 1991.

Popanda ndodo n'komwe

Njira yotsika mtengo kwambiri ndi chokulungira chamanja chimene ku America amachitcha Cuban yo-yo: gudumu lapulasitiki lopanda pakati, mlomo wake umodzi wopendekeka kuti chingwe chizivuka mosavuta. Botolo losalala kapena chitini chimagwira ntchito yomweyo. Kulunganipo mamita 100 a nayiloni ya mamilimita 0.60 mpaka 0.80, mtovu wa magalamu 60 mpaka 90 kumapeto, mbedza imodzi pamwamba pake. Siyani mita imodzi ndi theka ikulendewera, izungulizeni m'mbali mwanu katatu, imasuleni ikamakwera, uku dzanja lina litalozetsa mlomo wa gudumu kunyanja. Mamita 30 mpaka 50 amatheka, ndipo pa doko, pa matanthwe kapena pa ngalande ya pafupi ndi okwanira.

Chingwe chilichonse chovukira m'mbali chimapotoka kamodzi pa kuzungulira kulikonse, choncho pamwamba pa mbedza pakhale swivel, kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotoka, apo ayi pakatha maulendo khumi chimakhala chitalukana. Chala cholozera chivekeni kachidutswa ka chubu cha njinga. Ndipo musayerekeze kukulunga chingwe padzanja: nsomba ya m'nyanja yamchere ya makilogalamu 5 ikathamanga, nayiloni yonyowa imacheka mnofu mpaka pafupa. Nsomba ikakoka, lolani chingwe chidutse pakati pa chala cha chubu ndi chala chachikulu mukuchipana, ikafooka kokani mkono ndi mkono, chingwe chikugwera pamchenga woyera kutali ndi mapazi anu, mudzachikulunge nsomba itatuluka.

Pomaliza penipeni, mamita 10 otsiriza ndi amene amataya nsomba zambiri pa njira zonsezi. Madzi a funde lobwerera amakoka nsomba mwamphamvu kuposa mmene iyo ingakokere, ndipo chingwe chachifupi sichitamuka. Masulani buleki ya reel pang'ono, gwirani nsomba pamalo amodzi funde likamabwerera, ndipo yendani chambuyo pokhapokha funde lotsatira likainyamula kubwera nayo kumtunda.